Ku Zambia banja limadya litakhala pansi, kwathu zotchipa timadya choimirira

Mchemwali wanga anakwatiwa ku Zambia. Anayamba kukhala ku Chipata, kenako anasamukira ku Lusaka, ndiye kwa zaka zingapo ndakhala ndikudutsa pa Mchinji kukamuona, nthawi zina ndekha, nthawi zina ndi bambo akunyumba komanso ana athu atatu. Chitsegulireni nyumba yatsopano ya pachipata cha Mwami mu Disembala 2022, zodinditsa zimathera malo amodzi, ulendo unapepuka. Ukalankhula Chichewa iwo amakuyankha m'Chinyanja chawo, mumamvana bwinobwino. Nsima ndi yomweyo, ndalama dzina lake ndi kwacha konsekonse. Koma mayi amene akuwerengera ndalama m'kachikwama, ana akumukoka chitenje kuti njala yawapweteka, amaona msanga kuti mayiko awiriwa amagula mosiyana ndipo amadya mosiyana.

Zovala ndi zimene zimatidyera ndalama kwambiri, makamaka nyengo yozizira ikamayandikira. Ife timati kaunjika, potengera momwe zovalazo zimaunjikidwira. Anzathuwa amati salaula, mawu a Chibemba otanthauza kusankhasankha pamulu. Luso logulira ndi limodzi ku Tsoka ku Lilongwe ndi ku Soweto ku Lusaka: ukafuna chabwino, fika tsiku lomasula belo, ukafuna chotchipa, dikira masiku angapo, pamene wogulitsa watopa nazo n'kuyamba kufuula mtengo umodzi pamulu wonse. Ine za ana ndimagula tsiku lomasula, chifukwa juzi ya mwana yolimba siigona pamulu. Zanga ndimadikira.

Pomwe pasiyana ndi pa dola. Mayiko onse awiri alibe doko, ndipo belo limaitanitsidwa kunja ndi ndalama zakunja. Kwathu ndalama zakunjazo zakhala zikusowa, mtengo wa belo n'kumakwera mosalekeza, mpaka mu Febuluwale 2025 ogulitsa kaunjika anaguba kupita ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe kukadandaula. Amayi amene ndakhala ndikugula kwa iwo zaka zambiri anandiuza mwezi womwewo kuti sangandisungirenso katundu pamtengo womwe tagwirizana, chifukwa sakudziwa kuti belo la mawa aligula bwanji. Sindinawaimbe mlandu. Ku Zambia mitengo imakweranso, koma wogulitsa salaula amatha kukuuza mtengo lero n'kuupeza womwewo sabata yamawa.

Izi sizikutanthauza kuti Mmalawi akawoloka malire apeza zotchipa. Kwacha yathu inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, choncho ukasintha ndalama pachipata mulu wako umachepa zedi. Palinso msampha wina umene umagwira ambiri pa ulendo woyamba. Dziko la Zambia linachotsa maziro atatu pa ndalama yake mu 2013, ndiye mitengo yawo imaoneka yaing'ono. Ukaona jekete yolembedwa manambala awiri okha mtima umadumpha, koma ukasinthira m'kwacha yathu, n'kuonjezapo thiransipoti yopita ndi pobwera, umapeza kuti ukanaigula ku Mchinji komweko. Sopo wa Boom, mabisiketi ndi maheu opangidwa ku Lusaka zimatsikako mtengo ukagulira kwawo, koma phindu lake limaoneka kwa amene akupikula makatoni, osati kwa ine wogula za m'nyumba imodzi.

Pa ufa ndiye ndimati ife tili bwino. Banja la m'tauni ku Zambia limagula ufa wogayagaya m'thumba la makilogalamu 25, wosalala womwe amautcha breakfast kapena wokhakhala womwe amati roller, ndipo mtengo ukakwera mwezi umenewo palibe kothawira. Ife timagula chimanga nthawi yokolola chikatsika mtengo, kuthira mankhwala a anankafumbwe, n'kumatapa pang'onopang'ono kupita nacho kuchigayo. Umasankha wekha kuti ukufuna mgaiwa, gramilu kapena woyera, ndipo madeya amatsalira nkhuku. Ndi ntchito, inde, koma imapulumutsa banja mu Januwale ndi Febuluwale. Chimene chimandiwawa n'chakuti wosauka kwenikweni, kuno ndi uko, ndi amene amagula ufa modula kuposa aliyense: kajumbo kakang'ono kamene ife timati wokumani, iwo amati pamela, ukakawerengera pa kilogalamu kamaposa mtengo wa thumba lonse.

Kunenerera kuli konse. Kaulere koonjezera kamene ife timati banyira iwo amati mbasela, ndipo mayi wogulitsa tomato ku Kapata ku Chipata amakuponyera kamodzi pamwamba ngati momwe amachitira wa ku Lizulu.

Koma chimene chandichititsa kulemba izi ndi kadyedwe. Tsiku lina mlamu wanga anatitenga tonse, akulu anayi ndi ana asanu, kupita ku Thorn Park ku Lusaka, kumalo odyera omwe amatchedwa matebeto. Mawuwa ndi ochokera ku mwambo wa Abemba, pamene akuchikazi amaphikira mkamwini zakudya zamitundumitundu pomuthokoza kuti akusamala bwino mwana wawo. Malo odyerawa anatengera zomwezo. Miphika yandandalikidwa poonekera, iwe umangoloza: apa nkhuku ya lokolo, apa nsomba youma, apa kapenta, apa ifisashi, zomwe ndi masamba otendera, apa chibwabwa womwe ndi nkhwani wathu, apa kalembula yemwe ndi kholowa, apa impwa, tomwe ndi timabiringanya ting'onoting'ono, apa chikanda chodulidwa ngati buledi. Tinasamba m'manja, tinakhala pamabenchi, ndiwo zinabwera m'timbale tambiri n'kuikidwa pakati. Palibe amene anatiwerengera kuti mwana aliyense agule mbale yakeyake. Mwana wanga wamng'ono, amene kunyumba amakana masamba, anadya ifisashi chifukwa anaona asuweni ake akulimbirana. Pambali pathu panali anthu a mataye obwera pagalimoto, kutsogolo kwathu kunali anyamata ovala maovolosi, onse akudya ndi manja.

Pobwerera ndinadzifunsa kuti ku Lilongwe kapena ku Blantyre ndingapite kuti ndi anthu asanu ndi anayi n'kudya chonchi osaboola thumba. Zakudya zotchipa tili nazo, ndipo ndi zokoma. Tchipisi cha pachiwaya chothira kabichi ndi tsabola, kanyenya, mang'ina, nsima ya pachiimirire. Koma zonsezi zinakonzedwera munthu mmodzi wapantchito amene ali ndi mphindi zochepa masana. Mayi wa mwana kumbuyo, wina kudzanja, sangaime pachiwaya m'mbali mwa msewu fumbi likuwomba. Akafuna pokhala, akulumpha kuchoka pamenepo kukagwera m'lesitilanti ya kumashopu akuluakulu, kumene aliyense amapatsidwa mbale yake ndipo bilu imatha ndalama ya ndiwo za sabata yathunthu. Malo apakati, oti banja wamba likhale pansi Loweruka masana, ndi ochepa.

Malesitilanti a mumsika alipo, sindikukana, ndipo amayi ophika m'menemo amagwira ntchito yotamandika. Vuto ndi lakuti ndiwo zake n'zomwezomwezo: nkhuku, ng'ombe, chambo, nyemba, ndi kasupuni ka mpiru pambali. Nkhwani wotendera, chisoso, bonongwe, therere, chigwada, bowa, mfutso, zonse zimene agogo athu anatilera nazo, tinazitsekera kunyumba ngati kuti n'zochititsa manyazi kuzigulitsa. Chonsecho ndi ndiwo zimenezi zomwe zingatsitse mtengo wa chakudya cha banja, chifukwa nyama pang'ono ikazunguliridwa ndi masamba amitundu inayi aliyense amakhuta. Anzathu anazindikira kuti zakudya zamakolo ndi malonda, ndipo sachita nazo manyazi.

Ukakhala ndi ana sungaiwale za ukhondo, ndipo apa palibe dziko lingaloze linzake chala. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'Malawi, ndipo ku Zambia mu Januwale 2024 sukulu zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha matenda omwewa. Ndiye kaya ndi ku matebeto kaya mumsika mwathu, ndimayang'ana kaye ngati pali madzi othira kuchokera m'jagi kapena pampopi ndi sopo, osati beseni limodzi losambamo aliyense, komanso ngati chakudyacho chikuchoka pamoto. Saladi wosaphika ana anga sadya kunja.

Pali chimodzi chimene mchemwali wanga amatisirira, ndicho nyanja. Akabwera timapita ku Senga Bay ku Salima titanyamula mpunga wophikaphika ndi thobwa m'chigubu, nsomba timagula kwa asodzi n'kuotchetsa komweko, ana n'kumasewera pamchenga mpaka dzuwa kupendeka. Ku Lusaka tsiku lotere silipezeka pamtengo wotero. Kungoti kunyanja sitingapite mwezi uliwonse.

Mwezi watha, titatopa ndi kusankha mayunifolomu ndi nsapato za sukulu, ndinalowa ndi ana m'kalesitilanti kena ka mumsika n'kupempha mayi wophikayo kuti asatipatse mbale zinayi. Ndinati, "Amayi, tiikireni nsima m'mbale imodzi yaikulu, nkhuku ikhale ya anthu awiri, koma mutionjezere nyemba ndi masamba onse amene muli nawo." Anayamba adabwa, anawerengera pa zala, kenako anatchula mtengo wotsikirapo kuposa wa mbale zinayi. Anapita kuseri n'kubwera ndi kambale ka nkhwani wotendera amene anaphikira iwo eni ndi antchito awo, nati, "Awa sindigulitsa, koma anawa alaweko." Kambale kameneko ndi kamene kanayamba kutha. Potuluka ndinawauza kuti akamaphika nkhwaniwo Loweruka aziphika wambiri, tidzabweranso ndi bambo awo.