Boti langa si chidole, ndipo tsiku langa lopuma ndi langa

Ndakhala ndikudzigwira kuyambira dzulo madzulo koma zandikanika, ndiye mundilole ndilankhule.

Dzulo Lamulungu titaweruka ku tchalitchi ndinanyamula boti langa laling'ono la matanga loyendetsa ndi rimoti ulendo wa ku Emmarentia Dam, damu la mu Johannesburg muno, monga ndimachitira. Kamphepo kanali kabwino, ka mwezi wa Ogasiti kaja kamene ku Joni kuno kamaulutsa fumbi ndi mapepala m'misewu. Ndangoliika pamadzi, matanga akhuta mphepo, boti layamba kupendekeka likuthamanga, ndinamva munthu akuseka kumbuyo kwanga. Kucheuka, ndi Mmalawi mnzanga, bambo amene tinadziwana pamaliro ku Rosettenville chaka chatha. Dzina sinditchula. Botolo lili m'manja, akuti: "Achimwene, ndevu zonsezi mukuseweretsa chidole? Ku Joni kuno munabwerera zimenezi? Ndalama imeneyo bwenzi mutagulira mayi feteleza kumudzi." Ine ndinangoti zikomo bambo, n'kupitiriza zanga. Ndiye ndikufika kunyumba usiku ndikupeza anandijambula vidiyo osandipempha, aiponya pa gulu la WhatsApp la anthu akwathu, pansi pake alemba kuti matchona ayamba kupenga.

Bambo, ngati mukuwerenga, ndipo ndikudziwa mukuwerenga: boti lija si chidole. Ndipo ngakhale likanakhala chidole, tsiku lija linali langa.

Ndimagwira ntchito yowotcherera zitsulo kuyambira Lolemba mpaka Loweruka. Pofika madzulo maso amakhala ngati athiridwa mchenga. Ndimadzuka mdima usanachoke kukakwera matekisi awiri. Mwezi ukatha lendi ndimalipira, fizi ya ana ndimatumiza, feteleza wa mayi amene mumandikumbutsayo ndinatumiza kale ndipo simunandithandize ngakhale thumba limodzi. Tsono pa masiku asanu ndi awiri ndikatenga masana amodzi, amodzi okha, n'kukaima m'mbali mwa madzi ndi chinthu chimene chimanditsitsimutsa mtima, inu chikukupwetekani n'chiyani? Ndinakubwerekani ndalama? Ndinadzakupemphani ya mabatire? Ndinasunga pang'onopang'ono kwa miyezi isanu kuti ndigule boti limenelija, thukuta langa, ndipo palibe mwana amene anagona ndi njala chifukwa cha ilo.

Anyani amasekana zikundu. Munthu wagwira botolo lachitatu dzuwa lili paliwombo, foni yake yadzadza matikiti a kubetcha mpira wa ku England, ndiye akuwerengera mnzake ndalama ya boti. Zoona? Wina akamwera malipiro onse Lachisanu timati akuchotsa kutopa. Wina akataya ndalama pa kubetcha timati sanachite mwayi. Koma wina akagula chinthu chimene adzakhale nacho zaka, chosaledzeretsa, chosamenyanitsa anthu, chosabweretsa matenda m'nyumba, ameneyo ndiye wopenga. Mwina ndi umphawi umene tinakuliramo, umene unatiphunzitsa kuti chilichonse chosadyedwa n'chopanda ntchito. Kaya. Koma ine zanditopetsa.

Mukuti chidole. Munaliyang'ana bwinobwino musanatsegule pakamwa? Ine sindinangolowa m'shopu n'kutola chilichonse chowala. Ndinatha miyezi ndikufunsa, ndikuyerekeza. Poyamba mtima unali pa maboti aliwiro aja a mota yamagetsi yamphamvu yotchedwa brushless, amene amang'amba madzi ngati mpeni. Ndi okoma, sindikana. Koma batire yake yotchaja, ya mtundu wa LiPo, pa liwiro lotero imatha m'mphindi khumi kapena kuposerapo pang'ono, kenako mukhale pansi kudikira. Komanso batire imeneyo ndi yofuna ulemu: mukaimaliza moto wonse imawonongeka, mukaitchaja mosasamala ikhoza kutupa ngakhale kuyaka, ndipo ine ndimakhala m'chipinda chimodzi cha kuseri kwa nyumba ya eni ake. Pulopela ikakola udzu kapena pulasitiki pakati pa damu, boti laima pomwepo, inu muli kumtunda mukungoliyang'ana. Ndinaganiza zonsezi. N'chifukwa chake ndinasankha la matanga, DragonForce 65, lotalika masentimita 65. Lilibe mota yoliyendetsa. Limayenda ndi mphepo basi. M'kati mwake muli timakina tiwiri: kena kamatembenuza tsigiro, kena kamakoka ndi kumasula zingwe za matanga. Pansi pali chitsulo cholemera chimene chimalidzutsa mphepo ikaligoneka. Rimoti yake ndi ya 2.4GHz, kotero ngakhale tikhale anthu angapo pamadzi amodzi sitisokonezana. Timabatire take timatha masana onse.

Ndipo muyese kuliyendetsa muone ngati ndi za ana. Boti la matanga silingalunjike kumene mphepo ikuchokera. Mukalikakamiza, matanga amangopupuma, boti n'kuima ngati bakha wodwala. Kuti mufike kumene mukufunako muyenera kuyenda mokhotakhota, kupendekera uku, kutembenuka, kupendekera uko, maso ali pa makwinya a pamadzi kuti muone kumene kamphepo kakubwerera kasanafike. Likamabwera cha kwa inu, dzanja lamanja limasanduka lamanzere, ndipo mutu umafunika kuzolowera. Miyezi iwiri yoyamba ndinkangozungulira pamalo amodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Lero ndimatha kulizungulitsa chizindikiro chili kutali n'kulibweza pamapazi panga osanyowetsa nsapato. Chimenecho mukuchitcha chidole?

Zoyendetsa boti ndi wailesi sizinayambe ndi ana. Nikola Tesla, katswiri wa zamagetsi uja, anaonetsa boti lotere ku Madison Square Garden mu mzinda wa New York m'chaka cha 1898, anthu akuluakulu n'kumadabwa. Mpaka lero kuli mipikisano ya dziko lonse ya maboti a matanga oyendetsa ndi rimoti, ndipo amene amapikisanawo ambiri ndi azibambo a imvi. Pa damu pomwe paja pamadutsa anthu opalasa timabwato tawo, ena akuwedza, ena akuthamanga ndi agalu awo. Palibe amene anandisekapo. Mzungu wina wachikulire anaimapo tsiku lina n'kundionetsa mmene ndingamangire chingwe cha thanga lakutsogolo kuti lisamakhwepe. Ana a Chizulu amabwera kudzafunsa mafunso, ndimawagwiritsa rimoti, amapita akusekerera. Woseka ndi wojambula mobisa anapezeka kuti ndi wakwathu, wolankhula chinenero changa. Chimene chikundiwawa kwambiri n'chimenecho.

Ndipo simukudziwa chimene madzi aja ali kwa ine. Kwathu ndi ku Nkhotakota. Malemu bambo anga anali msodzi. Ndinaphunzira kugwira nkhafi ndisanaphunzire kugwira pensulo. Ndinakula ndikumva mwera ukuwomba usiku m'miyezi yozizira, amayi osagona chifukwa bwato la bambo silinabwerere. Ndinakula ndikuona nyali za asodzi a usipa zitandandalika panyanja ngati mudzi. Ilala ikaimba lipenga tinkathamangira kugombe, sitima imene yakhala ikuyenda panyanja yathu kuyambira 1951, kuchoka ku Monkey Bay mpaka kumpoto. Tinkasema timabwato, n'kubaya kamtengo pakati, n'kumangirira pepala la shuga kuti likhale thanga, monga momwe anzathu akumtunda ankapangira magalimoto a waya. Kenako moyo unandiponya kuno. Johannesburg ndi mzinda umene unamangidwa chifukwa cha golide amene anapezeka mu 1886, osati chifukwa cha madzi. Uli pamtunda wa mamita oposa 1,700, ulibe nyanja, ulibe mtsinje waukulu, ngakhale madzi akumpopi amachokera kutali ku mtsinje wa Vaal. Madamu a kuno, Emmarentia, Zoo Lake, Wemmer Pan, onsewa poyerekeza ndi nyanja yathu ndi zithaphwi. Koma munthu wa kunyanja maso ake amamva ludzu. Ndikaima paja, thanga loyera likuyenda pamadzi, mphepo ikundiwomba kumaso, phokoso la galaindala limachoka m'makutu ndipo ndimawakumbuka bambo anga. Ola limodzi lokha limenelo ndi limene limandipatsa mphamvu zodzukanso Lolemba.

Ndiye wina abwere ndi botolo lake adzanditche wopenga pamaso pa anthu onse apagulu.

Tinabwera kudzagwira ntchito, inde. Koma sitinabwere kudzasanduka ng'ombe za pangolo. Ngakhale ng'ombe amaimasula goli dzuwa likapendeka. Mmalawi ku Joni akapuma mwa njira imene inu simunaizolowere, msiyeni. Wina amakonda bawo, wina kwaya, wina kuweta nkhunda, wina mpira wa Lamulungu pa bwalo la fumbi. Ine ndimakonda boti. Msiyeni munthu. Simukudziwa chimene akuthawa m'mutu mwake, simukudziwa chimene chikumugwira kuti asagwe. Tili ndi abale angati kuno amene akungodzitsekera m'chipinda, kumwa okhaokha, mpaka tsiku lina timve kuti tisonkhe ndalama zotumizira thupi kumudzi? Pamenepo ndiye timadziwa kulira. Akadali moyo, akapeza kanthu kowasangalatsa, timawajambula n'kuwaseka.

Ndipo popeza ndayamba kale, ndinene ndi ichi. Inu amene mumabwera kudzawotcha nyama m'mbali mwa damu, tolani zinyalala zanu. Dzulo lomwelo, atachoka bambo aja ndi gulu lawo, pamene anakhala panatsala mabotolo, mbale za pulasitiki ndi majumbo. Jumbo lina mphepo inalikankhira m'madzi, linakakola chitsulo cha pansi pa boti langa, ndinadikira pafupifupi theka la ola kuti mphepo ilikankhire kumtunda. Sabata yapitayo kamwana kena kanaponda galasi losweka pa udzu pomwe paja, magazi ali chuchuchu, mayi ake akusowa chogwira. Bini ili poonekera, masitepe khumi okha. Mukasiya uve wotero akatiloza amati ndi anthu obwera, tonse, ngakhale ife amene timanyamula zinyalala zathu m'chikwama.

Vidiyo ija muichotse lero.