Lekani kuchita call pa river chifukwa chongofuna kuona

Zomwe ndaona masiku apitawa pa tebulo la poker zikundinyansabe mpaka lero. Mnyamata wina, woti masewerawa sanayambe dzulo, anali ndi A ndi K m'manja. Pa flop, makhadi atatu oyamba kuikidwa pansi, panagwa K, ndiye peya yake ya ma K awiri inalidi yapamwamba. Koma pansi panali kale makhadi awiri a hearts, ndipo river, khadi lomaliza kuikidwa pansi, inabweretsa lachitatu. Bambo wina amene anakhala duu usiku wonse, kumangotsatira osakwezako ngakhale kamodzi, anakankhira ma chips awo onse, timakobiri toimira ndalama, pakati. Mnyamata uja sanaphethire n'komwe, call, kulipira zofanana ndi zomwe bamboyo anaponya! Atamuonetsa flush, makhadi asanu a hearts okhaokha amene amaposa peya, ati, "Ndimadziwa kuti ali nayo, ndimangofuna kuona."

Kuona chiyani? Ngati umadziwa, unalipiriranji? Munthu amene sanachitepo bluff, kubetcha monamizira kuti ali ndi makhadi amphamvu, chikhalire pa tebulo, lero angayambire pa iwe, ndi zake zonse, pomwe khadi la flush langogwa kumene? Unkaganiza kuti wakhala akulipira pa flop ndi pa turn, khadi lachinayi, akudikira chiyani?

Anyamata inu, river ndi khadi lachisanu, lomaliza. Kulibe lachisanu ndi chimodzi lobwera kudzakupulumutsani. Chomwe mwagwiracho ndi chomwecho basi. Funso latsala limodzi: ndi makhadi ati amene munthuyu angabetchere motere koma ine n'kumuposa? Atchuleni. Mukalephera kutchula ngakhale awiri, mukukankhiranji ma chips?

Ndipo musandiuze kuti masamu ake ndi ovuta. Pakati pali 100, mnzanu waponya 100, inu mukulipira 100 kuti mutenge 200, ndiye muyenera kukhala olondola kamodzi pa katatu. Akaponya 50, kamodzi pa kanayi. Akaponya 200, kawiri pa kasanu. Zimenezi mumazidziwa, ena mumachita kuphunzitsa anzanu. Nanga bwanji river ikagwa mutu umaima, n'kutsala mtima wokhawokha?

Chomwe chimandipsetsa mtima koposa ndi mawu aja akuti "ndaika kale zambiri, sindingasiye." Zambiri zakezo ndi za ndani? Zinali zanu zisanachoke m'manja. Madzi akatayika saoleka, ndiye mukuthiriranji ena pamwamba pake? Wina ali ndi ma A awiri, akuwakakamira ngati kuti anasainirana nawo pangano, chonsecho pansi pagona 7, 8, 9 ndi 10, moti aliyense amene ali ndi 6 kapena J wamuposa kale. Wina akulipira chifukwa amene wabetchayo anamuseka ola lapitalo, akufuna kubweza. Wina waluza kawiri motsatizana, wapsa mtima, tsopano aliyense wobetcha akumuona ngati wabodza. Wina akuti anaona dzanja la mnzake likunjenjemera. Simudziwa kuti munthu amanjenjemeranso akagwira makhadi amphamvu? Winanso akuopa kuti akataya makhadi n'kuonetsedwa bluff anzake amuseka. Ndiye ndalama zonsezo mukugulira kusasekedwa? Ena mwa inu ndalama zakezo ndi zobwereka, izo ndiye zimandimvetsa chisoni kwambiri.

Inunso amantha musaombe m'manja. Pakati pali 100, wina waponya 20 yokha, inu muli ndi peya yabwino, n'kutaya makhadi. Pamenepo mumangofunika kupambana kamodzi pa kasanu ndi kawiri! Mwatero kamodzi, tebulo lonse ladziwa, ndipo azikuberani usiku wonse ndi timakobiri tochepa.

Koma ambiri amene ndikuwaona akutha si amanthawo ayi, ndi inu osafuna kugonja. Palibe amene akukuthamangitsani. Ikani manja pansi, bwererani ku chiyambi cha dzanjalo, kumbukirani amene anakweza, amene anangotsatira, ndi pomwe anasinthira. Nkhaniyo ikakuuzani kuti mwagonja, tayani makhadiwo mwakachetechete, ndipo musatitopetse ndi madandaulo akuti mulibe mwayi.

Mwakula inu. Lekani zachibwanazi.