CHENJEZO: Lekani kudyetsa timipeni tanu ku gilayinda

Anyamata inu ndiyankhuleko pang'ono, chifukwa zomwe ndaona sabata yathayi zandiwawa mtima. Mwana wa mchemwali wanga wabwera ndi kampeni kopinda komwe ndinamupatsa ndekha, ka kampani ya Case ka timipeni titatu, akumwetulira amvekere malume taonani ndanola. Kuyang'ana chonchi, nsonga yasanduka ya buluu, chitsulo chadyeka mbali imodzi ngati chatafunidwa ndi khoswe. Ndamufunsa wanolera pati? Akuti pa gilayinda yamagetsi. Aaa koma ana inu.

Mvetsani, chitsulo chikasintha mtundu choncho nde kuti chapsa, pamalo opsawo kulimba konse komwe anachipatsa ku fakitale kwathera pompo, olo muchinole bwanji chizingobuntha mukadula chingwe kawiri katatu. Timipeni tachikale iti, kaya Case, Opinel, Okapi kaya Victorinox, nto pyapyala ndipo zitsulo zake zambiri, monga 1095 ndi 420HC, sizivuta kunola ayi, mwala wamba umakwana. Opinel anayamba kupangidwa mu 1890, mukuganiza eni ake ankadikira magetsi kuti anole?

Chinanso chomwe chandikwana ndi tizipangizo tonolera ta V tija ta chitsulo cholimba cha carbide tomangokokamo mpeni. Inde mpeni umathwa msanga, sindikukana, koma tayang'anani pansi mukamaliza muona tinyenyeswa ta chitsulo, ndi mpeni wanu umenewo ukutha. Sikanola kachipangizo kaja, kamapala. Safunsa anadya phula.

Ngati mukufuna kugula chonolera, yambani ndi mwala umodzi wa mbali ziwiri, kwina kokhakhala kwina kosalala, monga Norton India. Mukafuna kumalizitsa bwino onjezani mwala wa Arkansas, umene umakumbidwa ku mapiri a Ouachita ku America, umadya chitsulo pang'onopang'ono nde ndi wabwino kwa timipeni timeneti. Miyala iwiriyi imafuna mafuta opepuka onolera, osati ophikira chonde, amenewo amadzanata nkutseka mwala. Miyala yamadzi ya ku Japan nayo ili bwino, wa giriti 1000 (nambala yosonyeza kusalala kwa mwala) ndi wokwana pa ntchito ya tsiku ndi tsiku, koma dziwiranitu kuti umakumbika pakati, muziusalaza nthawi ndi nthawi, ndipo mukangouthira mafuta mwauwononga basi. Zonolera za dayamondi zija, za kampani ya DMT ndi zinzake, zimadya mwachangu kwambiri, osakanikiza, dzanja lizingoyandama.

Ena mumati ine dzanja langa limanjenjemera sindingagwire mpeni mofanana, chabwino palibe manyazi pamenepo. Pali chipangizo cha Lansky chomwe chimapana mpeni ndipo chili ndi mabowo osankhira kupendekeka kwa mwala, a madigiri 17, 20, 25 ndi 30, koma musanathamangire kugula dziwani kuti kampeni kakang'ono kamavuta kupana, chitsulo ndi chochepa nde mwala umakhula chopanira mmalo mokhula mpeni, komanso mukapanda kumata katepi kumsana chopaniracho chimasiya zipsera. Spyderco Sharpmaker ndi timitengo ta seramiki toima ngati V, mukaika pa 40 nde kuti madigiri 20 mbali iliyonse, imathandiza mpeni umene wangoyamba kubuntha koma wobunthiratu mukhala nawo mpaka dzuwa kulowa.

Koma chipangizo pachokha sichinola, ichi nde mumakana kumva. Tengani pentopeni mudetse kumene kumathwako mbali zonse, mukhule kawiri katatu kenako yang'anani pomwe inki yachoka. Ikachoka kumtunda kokha mwagoneka mpeni kwambiri, simunafike kokuthwa. Madigiri 15 mpaka 20 mbali iliyonse ndi okwana. Pitirizani mbali imodzi mpaka mumve kachitsulo kapindikira mbali inayo kuyambira kutsinde mpaka kunsonga, azungu amati burr, mumakamva ndi chikhadabo. Mukakamva tembenuzani, osapitiriza, kupitirira apo mukungotaya chitsulo. Pomaliza lamba wachikopa, kukoka chobwerera m'mbuyo kuti musadule chikopacho. Kunena zoona masiku ambiri lamba yekhayo amakwana, mwala ngwa apo ndi apo.

Ndipo zala zanuzo muzisamale. Timipeni tambiri ta mtundu uwu tilibe loko, ndi sipuling'i yokha imagwira, mukakanikiza molakwika kamatsekeka pa chala osachenjeza. Kuyesa kuthwa potsetsereza chala chachikulu motsatira mpeni nako lekani, pepala lilipo, dulani limenelo.

China chomwe simuchiganizira nchakuti chitsulo mwachotsa sichimeranso. Mukamanola mopyola chonchi tsiku lina mudzapinda mpeni nkupeza nsonga yatsalira kunja kwa chigwiriro, kupisa dzanja m'thumba kenako magazi. Kampeni ka mwana wa mchemwali wanga uja katsala pang'ono kufika pamenepo. Ndakalanda kaye, kali pa tebulo panga, ndiyenera kudya gawo lopsalo pa mwala wokhakhala mpaka ndipeze chitsulo chabwino, mwina madzulo awiri, ndipo kafupika ndithu. Mwini wakeyo ndamuuza abwere Loweruka adzakhale pambali panga, pentopeni agwire yekha.