Zidole 40 zili m'katoni kuchipinda, akuti zilibe mapepala

Abale lero mundilole ndilembe zazitali, amene mulibe bandulo mudzawerenga mawa kkkk. Ambiri mukundidziwa kuti ndimasoka zidole za chitenje pa Dedza boma pano, tiana, tinjovu, tiakalulu, komanso malume anga amasema tigalimoto tamitengo kunsewu wa Golomoti uko, tija mumationa mukamatsika Khwekhwelere popita kunyanja, timathirakitala ndi timaLand Rover totseguka zitseko. Msuweni wanga ali ku UK ndiye amatigulitsirako pang'onopang'ono, ndalama yake siyambiri koma fizi ya ana imatuluka momwemo. Nde pano katoni yathunthu ili phee kuchipinda, zidole 40, zosokedwa bwinobwino, msuweni akuti asisi musatumize kaye, shopu ija imafuna kuoda yafunsa mapepala osonyeza kuti zinayezedwa.

Poyamba ndinapsa mtima, ndisaname. Ndinati kuyeza chani, chidole chansalu chingaphe munthu? Ifeyo tinakula tikuseweretsa zidole zadothi, anyamata magalimoto amawaya, mpira wamajumbo, ndipo tilipo mpaka lero. Koma msuweni atandifotokozera pa foni pafupifupi ola lathunthu, ineyo nkudzawerenganso ndekha usiku, ndinaona kuti nkhaniyi ili ndi mutu wake.

Mbali ina ya nkhaniyi inayambira ku America mu 2007. Kampani yaikulu ya zidole ija ya Mattel inabweza zidole mamiliyoni zopangidwa ku China, zina chifukwa penti yake inali ndi mtovu, uja pachizungu amati lead, zina chifukwa cha timaginito tomwe timagwa ana nkumeza. Mtovu umaononga ubongo wa mwana mwakachetechete, sapsa thupi, satsegula mmimba, mumangodzaona kusukulu zikukanika nkumamukalipira kuti ndi mbuli. Makolo kumeneko anakwiya, nde mu 2008 boma lawo linakhazikitsa lamulo lotchedwa CPSIA, loti chilichonse chopangira mwana wa zaka 12 kutsika mmunsi chiziyezedwa kulabu yovomerezeka, mtovu mu penti usapitirire 90 ppm, kutanthauza magawo 90 pa miliyoni. Mpaka apa ine ndilibe nalo vuto lamulolo.

Chimene chinandinyansa ndi ichi. Amene anapalamula ndi kampani yaikulu, koma chikwapu chinakagwera amayi osoka pakhonde ngati ine, agogo osema tiakavalo tamitengo mugaraji. Fakitale ikapanga zidole 500,000 zofanana imayezetsa kamodzi, mtengo wa labu ukagawidwa pa chidole chilichonse ndi kachenji chabe. Iwe wopanga 20 ulipira labu ndalama yomweyo, ugawe pa 20, chidole chako chidula kuposa njinga. Chopweteka kwambiri, Mattel yomweyo inadzaloledwa kumayezera mmalabu ake omwe. Anthu ang'onoang'ono anachita phokoso mpaka mu 2011 lamulolo analifewetsako, opanga zochepa akalembetsa amakhululukidwa mayeso ena, ngakhale penti ndi tizidutswa totsamwitsa amayezetsabe. Zaka zitatu zimenezo ena anali atatseka kale mashopu.

Ku Ulaya nako chidole chimafunika chizindikiro cha CE, ndipo muyezo wake amautcha EN 71. Amaona ngati kanthu kangathothoke mwana akakoka, amaona mmene nsalu imayakira ikagwira moto, amaonanso mankhwala otuluka mu utoto mwana akamayamwa. Kuonjezera apo pa 13 December 2024 kunayamba lamulo lina la GPSR, loti olo katundu yemwe si chidole, kaya ndi kachikwama ka matewera, ukamagulitsa ku EU, mgwirizano uja wa mayiko a ku Ulaya, pakhale munthu kapena kampani yokhala konko yoyankhira katunduyo, dzina ndi adiresi zilembedwe. Msuweni wanga ali ku UK, ndipo UK inatuluka mu EU, nde makasitomala ake a ku Germany ndi Ireland anangowatsekera, ngati mmene anachitira anthu ambiri ogulitsa pa Etsy, msika wa pa intaneti wa zinthu zopanga pamanja.

Tsono taganizani za ine ndi chitenje. Ndimagula pamsika, nthawi zina kuboda, zitenje ziwiri zitatu malinga ndi mmene thumba lilili tsiku limenelo. Chitenje chimodzi chimakhala ndi mitundu isanu, wofiira, wachikasu, wobiriwira, nde akuti mtundu uliwonse uyenera kudziwika kuti utoto wake uli bwino. Ndifunse satifiketi kwa mayi ogulitsa zitenje pabenchi? Adzandiyang'ana ngati ndapenga. Olo nditapeza ndalama nkuyezetsa chitenje chimenecho, mwezi wamawa dizaini imeneyo kulibe, yatha, kwabwera ina, ndiyambirenso. Kukoma kwa zidole zanga nkoti palibe ziwiri zofanana, ndipo pa lamuloli chomwecho ndiye mlandu wanga. Amene analemba lamuloli mmaso mwawo munali fakitale yogula nsalu makontena, ife a mayadi awiri sanatiganizireko.

Koma ndivomere pomwe anandigwira. Zidole zanga kale ndinkaika maso amabatani, tija takuda tonyezimira, timakongola kwabasi. Tsiku lina mlamu wanga anabwera ndi mwana wake wa miyezi 10, akumera mano, chilichonse nkukamwa. Ndinampatsa kanjovu kuti asalire ife tikucheza, patapita nthawi pang'ono ndikuyang'ana kanjovu kali ndi diso limodzi. Mtima unangoti phaa. Mlamu anapisa chala mkamwa mwa mwana, batani lili mtsaya, lonyowa, ulusi uli lendelende. Palibe anayankhula kwa kanthawi. Usiku womwewo ndinakhala pansi ndi lezala nkuchotsa mabatani pa zidole zonse, kuyambira pamenepo maso ndimachita kupeta ndi ulusi. Azungu ali ndi kachitini koyezera, kukamwa kwake 31.7 mm, kanthu kakalowa monse mmenemo ndiye kuti nkoopsa kwa mwana wosakwana zaka zitatu. Ine ndimagwiritsa ntchito kachubu ka mkati mwa tishu, nkokulirapo pang'ono nde ndimadziwa kuti sindikuphonya. Zimenezi sizinanditengere olo K100, zinangofunika wina andiuze.

Malume ndiye nkhani ina. Nditapita kukawauza anali pansi pa mthunzi akupala kathirakitala ndi sandipepa, fumbi la malaina lili mbuu mmiyendo. Ndinati malume, penti mumapaka matayala ija mumaidziwa zomwe zilimo? Anaseka nkuti "iwe mphwanga, ine ndayamba kusema usanabadwe, ndani anafa ndi galimoto yanga?" Penti yawo amagula yopungulira mkabotolo, ilibe olo lebo, pena amapaka polishi wa nsapato kuti mtengo uwale. Sindikuwanyoza, ndi zomwe mpamba wawo ukufikira. Koma zaka zapitazi kafukufuku anapeza mtovu wambiri mu penti zamafuta zina zogulitsidwa mMalawi momwe muno, ndipo a Malawi Bureau of Standards (MBS), oona za miyezo ya katundu, anachita kulowererapo. Nde malume akhoza kupaka poizoni pa tayala loti mwana akaluma iwo osadziwa kanthu. Olakwa pamenepo ndani, munthu wa kabotolo kapena amene anapanga penti?

Apa mpomwe maganizo anga ali. Muyezo uzigwira kumtunda komwe zinthu zikuchokera. Penti iliyonse yolowa mu hadiweya ikhale yoyezedwa kale, nsalu ikamalowa mdziko kapena ikamatuluka mfakitale pepala lake likhalepo loti ife ogula pang'ono tikhoza kulijambula pa foni. Zikatero ine ndi malume tatsala ndi ntchito yomwe tingathe, kusoka molimba, kupala bwino pasakhale zobaya, kusiya timisomali ndi timikanda. Ku America komweko anavomereza kuti mtengo wosapaka kanthu ndi nsalu ya thonje sizifunika kuyezedwa mtovu. Bwanji nzeru yomweyo osaitambasula? Komanso likulu la MBS lili ku Blantyre, munthu wa ku Mtakataka kapena Lizulu transipoti yokha yadya phindu la mwezi. Atamabwera pa boma pano olo kawiri pachaka, ife osoka ndi osema nkusonkhana ngati gulu, kusonkha ngati mmene timachitira ku banki mkhonde, nkuyezetsa penti imodzi ndi ulusi umodzi zoti tonse tizigwiritsa ntchito, bwenzi zikuyenda. Osema a ku Mua ndi a mnsewu wa Golomoti ndi ambiri, gulu lilipo kale.

China chomwe chikundiwawa, ndipo apa ena mukwiya. Tikulimbana ndi kuteteza mwana wa ku Germany, chabwino, naye ndi mwana. Nanga athu? Pitani pamsika tsiku lililonse muone timfuti tapulasitiki, timafoni toimba nyimbo tokhala ndi timabatire tating'ono tozungulira ngati ndalama yachitsulo, chitseko chake chongotsegula ndi chikhadabo. Kabatire kameneko mwana akameza kamawotcha kummero mmaola ochepa chabe. Zidole za mu bale la kaunjika nazo, zina zothothoka maso, palibe amafunsa kuti zachokera kuti. Zonsezo zimadutsa, timagulira ana pa Khrisimasi tikusekerera. Chidole changa chopeta maso ndiye chikusowa pepala. Mxii.

Wina anandilembera ku inbox kuti asisi ingosindikizani CE pa kalebo, ndani angadziwe. Ayi, zimenezo sindingapange. Dzina lomwe lingakhale pa katunduyo ndi la msuweni wanga, zitavuta wokagwidwa ndi iyeyo kudziko la eni, komanso nditatha kuona batani lija mkamwa mwa mwana sindingafune kunamiza mayi mnzanga aliyense, kaya ndi mzungu kaya ndi wa kwa Kachindamoto.

Panopa msuweni akufufuza sitolo ya nsalu konko yomwe imapereka mapepala a utoto, kuti mwina azinditumizira nsaluyo ine nkumasoka kuno. Taonani zake, nsalu ichoke ku UK, ibwere pa Dedza, ibwererenso, pomwe chitenje chili pa msika apa mamita 300 kuchoka pakhomo panga. Malume ndawagulira mafuta ophikira kabotolo kuti ayese kupaka mmalo mwa polishi, akuti galimoto ikumanunkha mandasi koma ayesabe.

Zidole 40 zija ndaganiza zongozigulitsa konkuno. Loweruka ndikhala nazo pafupi ndi depoti kuyambira 9 koloko, tinjovu tilipo 14, totsalato ndi tiana ndi tiakalulu. Amene muli ndi ana omera mano bwerani nawo adzakoke okha maso muone ngati angachoke.