Damu ndi lake, koma likaphulika tivutika ndife

A mtolankhani, mwalemba kuti damu ndi la mwini malo, boma lisalowererepo. Ayi ndithu. Lamulo la madzi la 2013 limati munthu atenge kaye chilolezo ku bungwe la boma loona za madzi la National Water Resources Authority asanatseke mtsinje, ngakhale ukudutsa pamalo pake.

Kwathu kuno ku Blantyre kuli kadamu komwe anthu amalipira kukawedza n'kumadya kanyenya Loweruka. Mwiniwake anaunjika matumba a mchenga pangalande yotayira madzi kuti kazioneka kodzadza. Pakhoma pamera mabulugamu, ndipo kunsi kwake kukuchucha madzi amatope. Madzi akamatuluka ofiira chonchi ndiye kuti khomalo likudyeka mkati.

Namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023 mwamuiwala kale? Bwerani mudzafunsenso ife okhala kumunsi, osangomva za bwana yekha.