Tsekani WiFi yanu ndi pasiwedi yeniyeni, abale

Lero ndakwiya ndipo ndilankhula. Bandulo ya mwezi wathunthu imene ndinagula Lolemba yatha usiku wa Loweruka. Masiku 6 okha! Mwana wanga wa Fomu 4 amafuna kutsitsa mapepala a mayeso akale a MSCE, foni ikungozungulira osatsegula kanthu. Ndinamukalipira kuti wakhala akuonera mavidiyo usiku, mwana mpaka misozi, akulumbira kuti si iyeyo. M'mawa uno mphwanga wabwera, walemba 192.168.8.1, adilesi ya rauta yathu, pafoni pake, walowa mu rauta, n'kundionetsa mndandanda wa zipangizo zolumikizidwa. Zinalipo 14. M'nyumba muno muli mafoni 3 ndi laputopu imodzi basi. Nanga 10 zinazo n'za ndani?

Ndiye ndakumbukira anyamata amene amakhala kuseri kwa mpanda wanga masana onse, atatsamira njerwa, mitu ili choweramira m'mafoni. Ine ndinkati akuthawa dzuwa pansi pa mtengo wa mango. Kani akudya thukuta langa, ndalama imene ndinasiya kugulira ndiwo kuti mwana awerenge!

Abale, WiFi yopanda pasiwedi yolimba ndi nyumba yogona chitseko chili pululu. Usiku mumakhoma chitseko, mumaika loko pageti, njinga mumailowetsa m'nyumba, koma netiweki mumaisiya poyera kuti aliyense wodutsa atapepo. Yanga inali 12345678, mmene anaisiyira amene anadzandiikira rauta, ndipo imeneyo si pasiwedi, ndi loko wa pepala. Dzina la mwana wanu si pasiwedi. Nambala yanu ya foni, imene mudzi wonse uli nayo, si pasiwedi. Chaka chimene munabadwa si pasiwedi. WPA2, njira imene rauta imatetezera WiFi, imafuna zilembo zosachepera 8, koma inu musathere pa 8 pomwepo, ikani 14 kapena kuposa, mawu atatu anayi osagwirizana, musakanize ndi manambala. Ndipo rautayo ili ndi chitseko chachiwiri chimene ambiri sitikudziwa, cholowera kokonzera zinthu. Marauta ambiri amabwera ndi admin ngati dzina ndi admin ngati pasiwedi. Mukasiya choncho, mnyamata wa kuseri kwa mpanda uja akhoza kulowa, kusintha zonse, n'kukutsekerani kunja inuyo eni ake. Sinthani zonse ziwiri lero, osati mawa. Mukaona posankhira chitetezo cha WiFi palembedwa WEP, chotsani, imeneyo inathyoledwa kalekale, sankhani WPA2 kapena WPA3 ngati ilipo. Kabatani ka WPS, kolumikizira foni popanda kulemba pasiwedi, nakonso kazimitseni.

Ndikudziwa kuti data ndi yodula ndipo achinyamata ambiri alibe ntchito. Koma kudula kwa data sikusandutsa kuba kukhala kubwereka.

Chimene chandipweteka kwambiri n'chakuti chiyambi chake chinali chifundo. Mwana wa aneba anabwera tsiku lina, akuti amalume ndithandizeni nditumize fomu ya sukulu, mphindi 5 zokha. Ndinamulembera pasiwedi pafoni pake ndi dzanja langali. Chifundo chinapha nkhwali! Mphwanga wandionetsa kuti mafoni a Android a masiku ano amatulutsa QR code, kachithunzi ka timabokosi kosunga pasiwedi ya WiFi imene alumikizidwako, mnzake amangoloza kamera basi, walowa, osalemba ngakhale chilembo chimodzi. Mwapatsa mmodzi, mwapatsa mdadada wonse. Mwapatsa mdadada, mwapatsa ndi alendo awo omwe. Pasiwedi ikatuluka pakhomo siibwereranso, mankhwala ake ndi kuisintha basi. Mukathandiza munthu lero, madzulo omwewo sinthani, ndipo musachite nazo manyazi. Ndi yanu, munagula ndinu.

Komanso musaganize kuti nkhani ndi ya bandulo yokha. Munthu akachita zachinyengo pa intaneti kudzera pa rauta yanu, chimene chimaoneka ndi layini yanu, ndipo SIM imene ili m'menemo inalembetsedwa ndi chiphaso chanu cha unzika. Oyamba kufunsidwa ndinu. Mudzati chiyani, kuti anali anyamata a pamango? Tsekani netiweki yanu, abale, tsekani! Ine ndasintha zonse m'mawa uno, ndipo pofika masana kuseri kwa mpanda kunali zii, mmodzi yekha anabwera, n'kuyang'ana foni yake kawiri katatu, n'kumapita.

Ndipo inu alendo amene mumafika pakhomo pa munthu, musanakhale n'komwe pampando, musanafunse kuti ana adzuka bwanji, mwayamba kale "pasiwedi ya WiFi ndi chani?", khalidwe limeneli munalitenga kuti? Kodi mukafika kwa apongozi anu mumayamba n'kufunsa kiyi wa kuchipinda? Mayi akudwala m'nyumba muno mwezi wachiwiri tsopano, anthu akubwera akuti kudzazonda, koma maso ali pa rauta.