Wufa yanu ilibe mlandu, isiyeni

Ndakwiya ndipo sindibisa. Loweruka alamu anga anandiyimbira foni kuchokera ku Nchalo, akuti "alamu, mundiperekeze ku Limbe malipiro akatuluka, ndikufuna wufa yaikulu. Iyi ndinagulayi ndi yabodza, siikumveka." Wufa ndi sipika yaikulu ija ya mawu akuya (besi) ya home theater, makina a masipika angapo olumikiza ku TV. Home theater imeneyo sinathe ndi chaka chomwe m'nyumbamo. Ndinati tisanakwere mapiri aja kupita ku Blantyre kukataya ndalama, ndibwere kaye ndidzaione ndi maso anga.

Abale, zomwe ndinapeza pabalaza paja!

Masipika anayi awaunjika pamwamba pa kabati, mzere umodzi, ogundana, ina mpaka yayang'ana kukhoma chifukwa waya wake unafupika. Yachisanu, yapakati ija, ayilowetsa m'kabati kuseri kwa galasi, pamodzi ndi makapu a alendo. Wufa ili pangodya, ayikankhira mpaka kumamatira khoma, pamwamba pake achemwali anga ayalapo nsalu yoluka ndi kuikapo maluwa apulasitiki, nsaluyo yalendewera kumbuyo mpaka kutseka chitsulo chomwe chimatulutsa kutentha. Batani la besi alipotokola mpaka pomwe limathera. Atayatsa, malata onse kunjenjemera, makapu m'kabati kuyamba kulira okha, zitseko za mawindo gwedegwede. Pa TV munthu akulankhula, pakamwa pakuyenda, koma chomwe akunena osachimva ngakhale liwu limodzi. Ndiye alamu akunditembenukira nkhope ili gwa, akuti "mwaona nokha? Ilibe mphamvu."

Ilibe mphamvu? Denga likufuna kusasuka inu mukuti ilibe mphamvu?

Wufa ija ilibe mlandu uliwonse. Ndibwerezanso kuti ndi akumbuyo omwe amve: wufa ilibe mlandu. Wolakwa ndi amene anayiika. Ndipo si alamu anga okha. Yendani m'nyumba za ku Nchalo, Ngabu, Bangula mpaka pa boma la Nsanje, mupeza zomwezi. Munthu wagula chinthu chabwinobwino, wachiunjika ngati matumba a thonje pa msika, chikalephera kumveka iye akuthamangira kusitolo kukagula chachikulu kuposa pamenepo kuti akachiunjikenso chimodzimodzi. Kaya ndi mpikisano ndi aneba, kaya ndalama zikungowayabwa mwezi ukatha, zimenezo akudziwa okha.

Pa katoni analembapo 5.1. Nambala imeneyi ili ndi tanthauzo. Ndi masipika asanu ndi wufa imodzi, ndipo iliyonse ili ndi ntchito yake ndi malo ake. Yapakati ndiyo imanyamula pafupifupi zolankhula zonse za mufilimu. Imafunika ikhale pansi penipeni pa TV kapena pamwamba pake, yoyang'ana kumene kuli makutu anu, popanda galasi, popanda nsalu, popanda chithunzi cha ukwati kutsogolo kwake. Inu mwayitsekera m'kabati ndiye mukudabwa kuti anthu a mufilimu sakumveka? Mukakweza voliyumu kuti mumve zolankhula, wufa nayo imakwera, n'kukwirira zolankhulazo kuposa poyamba. Mukwezanso. Ikwiriranso. Mapeto ake mwana wa aneba wadzuka akulira, inu simunamvebe kuti wapha mnzake ndani mufilimumo.

Awiri akutsogolo, wakumanja ndi wakumanzere, amafuna kutalikirana. Yezani kuchokera pampando wanu kukafika pa sipika imodzi, mtunda umenewo ndi womwe uyeneranso kukhala pakati pa masipika awiriwo, TV ili pakati. Chingwe cha sisalo chikwanira kuyezera, simufunika injiniya. Awiri otsalawo si a pakabati ayi. Ndi a m'mbali mwa mpando wanu, chakumbuyo pang'ono, okwera pang'ono kupitirira makutu. Ntchito yawo ndi yoti mvula ikamagwa mufilimu muyimve ikukuzungulirani, galimoto ikadutsa muyimve ikuchoka uku kupita uko. Mukawaika kutsogolo pamodzi ndi anzawo mwataya ndalama yomwe munalipira pa masipika awiri amenewo. Mukanangogula wailesi ya sipika imodzi tikanadziwa chimodzi.

"Koma waya ndi waufupi." Gulani waya! Waya wa sipika mamita khumi ndi ndalama zingati poyerekeza ndi wufa yatsopano? Munthu akukana kugula waya koma ali wokonzeka kulipira minibasi kupita ku Limbe ndi kubwerera, atanyamula chikatoni pamiyendo.

Ndipo polumikiza wayayo tsegulani maso. Wofiira kwa wofiira, wakuda kwa wakuda, mbali zonse ziwiri. Kwa alamu ndinapeza sipika yakumanzere ayitembenuza. Zikatero pepala la sipika imodzi limakankha mpweya kutsogolo pamene la inzake likukokera kumbuyo, ziwirizo n'kumafafanizana, mawu n'kukhala opyapyala ngati akuchokera m'chitini. Kukonza kwake ndi kusinthanitsa tiwaya tiwiri basi. Palibe tambala yolipira.

Tsono wufa. Anthu amaganiza kuti wufa ndi yogwedezera nyumba. Ayi. Ntchito yake ndi kutenga mawu akuya okhaokha, omwe timasipika ting'onoting'ono sitingakwanitse, makamaka kuyambira cha pa 80 Hz kutsika m'munsi (Hz ndi muyezo wa mawu, nambala ikachepa ndiye kuti mawuwo ndi akuya), ndi kuwadzaza pansi pa mawu enawo mosadzionetsera. Wufa yoikidwa bwino sudziwa n'komwe kuti ili pati. Kwathu kuno tikudziwa ulimba, choyimbira chija cha timatabwa chokhala ndi zikho pansi pake. Amayimba anthu angapo pa ulimba umodzi, ndipo wa kumbali ya zikho zikuluzikulu akati amenye mwamphamvu kuposa anzake, nyimbo yatha pomwepo, ovina amaima n'kumuyang'ana. Makolo athu ankadziwa zimenezi opanda magetsi. Ife tili ndi rimoti m'manja koma zikutikanika.

Mawu akuya ali ndi khalidwe lawo. Funde limodzi la mawu a 50 Hz ndi lotalika pafupifupi mamita 7, kuposa pabalaza pa nyumba zambiri zomwe timakhala kuno. Limagunda khoma n'kubwerera, n'kukumana ndi linzake. Pena amaphatikizana besi n'kuchuluka mpaka kupweteka mutu, pena amafafanizana besi n'kusowa. Ndiye chifukwa chake m'chipinda chimodzimodzi wokhala pafupi ndi khoma akumva chifuwa chikugunda, wokhala pakatikati akuti palibe chikumveka. Mpando wa alamu unali pamalo pomwe besi imasowa. Iwo akumva kuti yachepa, akupotokolabe batani, pamene kuseri kwa khoma aneba akumwa panado. Mukagula wufa yaikulu n'kuyiika pangodya pomwepo, mpando uli pomwepo, pamalo posowapo padzasowabe. Chidzawonjezereke ndi chidani cha aneba basi.

Njira yake ndi yaulere, koma imafuna kudzichepetsa. Nyamulani wufa muyiike pampando womwe mumakhala. Yatsani nyimbo ya besi yomwe mumaidziwa bwino. Kenako gwadani, kwawani m'mbali mwa makoma mukumvetsera. Pomwe mwamva besi ikumveka yosalala, noti iliyonse payokha, osati kungoti duuu, pamenepo ndi pomwe wufa ikhale. Bwererani pampando mumve. Ndinawauza alamu kuti agwade. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. "Ine bambo wa ana anayi ndizikwawa m'nyumba mwanga?" Ee, alamu, kwawani. Kukwawa mphindi khumi kapena malipiro a mwezi wonse, sankhani nokha.

Chomwe chimandipsetsa mtima kwambiri ndi nkhani ya mawati (W), muyezo wa mphamvu. Alamu akuti yomwe akufunayo ndi ya 8000 W, analemba pakatoni ndi zilembo zofiira zikuluzikulu, ndi magetsi obiriwira ozungulira. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Pulagi ya mano atatu yomwe timagwiritsa ntchito kuno fyuzi yake yaikulu ndi ya 13 A, magetsi athu ndi a 230 V. Chulukitsani nokha, simufika ndi 3000 W yomwe. Ndiye 8000 W imeneyo ikudzera pati, pazenera? Yang'anani pafupi ndi nambalayo, mupeza tizilembo tating'ono takuti PMPO. Imeneyo ndi nambala yokopera ogula. Yoona ndi ya RMS, mphamvu yomwe makinawo amatulutsa mosalekeza, ndipo nthawi zambiri amayibisa kumbuyo kapena m'kabuku komwe palibe amawerenga. Tembenuzani wufa yanu muwerenge kapepala ka kumbuyo, pomwe analemba mphamvu ya magetsi yomwe imadya. Chinthu sichingatulutse mosalekeza mphamvu yoposa yomwe chikudya.

Ngakhale mawatiwo akhale oona, kuwirikiza kawiri kumangowonjezera 3 dB (dB ndi muyezo wa kukwera kwa mawu), kusintha kochepa koti khutu limangokumva pang'ono. Kuti mawu amveke ngati akwera kawiri mumafunika mphamvu yochuluka kakhumi. Ndiye munthu akugulitsa mbuzi kuti achoke pa 50 W kupita pa 100 W, akuyembekezera zodabwitsa. Kusuntha wufa mita imodzi kukhoza kusintha zambiri kuposa mbuzi imeneyo.

Komanso funsani kaye kuti mawu akulowa bwanji mu home theater yanuyo. Ngati mukudalira Bluetooth ya pafoni, kapena tiwaya tiwiri tija kofiira ndi koyera, mukulowetsa njira ziwiri zokha, kumanja ndi kumanzere. Makinawo amangogawa zomwezo ku masipika asanu. Kuti mumve 5.1 yeniyeni pamafunika waya wa HDMI kapena wa optical, makina oti amatha kuyiwerenga, komanso filimu yomwe inajambulidwa choncho. Tifilimu tomwe timakopetsa pa memory card pa msika, tofinyidwa mpaka nkhope zosaoneka bwino, musayembekezere kuti wufa yatsopano itisandutsa sinema. Wufa siyingatulutse chomwe sichinalowe.

Ndipo kuno ndi ku chigwa, si ku Dedza. Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40 ku Ngabu, m'nyumba ya malata yopanda siling'i ndiye musanene. M'ma home theater ambiri otchipawa ampulifaya, yomwe imapatsa masipika mphamvu, ili m'kati mwa bokosi la wufa momwemo. Imafuna mpweya. Inu mwayifunditsa nsalu, mwayimamatiza kukhoma, besi ili pomaliza kuyambira m'mawa mpaka usiku. Ampulifaya ikapanikizidwa kupitirira mphamvu yake mawu amayamba kusweka, koyilo ya m'kati mwa sipika n'kumatentha. Mukamva kafungo ngati ka pulasitiki wopsa, dziwani kuti maliro ayandikira. Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Ikapsa mudzati wogulitsa anakuberani, mudzati zinthu za masiku ano sizilimba, mudzatukwana wokonza mawailesi kuti waba zipangizo. Nsalu yoluka ija palibe adzayitchule.

Ena ndiye amati akuwonjezera mphamvu, amatola sipika ya m'galimoto, ya wailesi yakale ya agogo, n'kuzilumikiza zonse pa waya umodzi. Masipika awiri a 8 ohms mukawaphatikiza choncho amakhala 4, ndipo nambala ya ohms ikamachepa masipika amakoka magetsi ambiri. Awiri a 4 amakhala 2. Ampulifaya yomwe inapangidwira 8 kapena 6 ikukakamizidwa kukoka magetsi ochuluka kuposa omwe ingapirire, m'kutentha kwa kuno. Imeneyo si upgrade, kumeneko ndi kuyiphera dala. Safunsa anadya phula.

Sindikuti munthu asagule chatsopano. Ndalama ndi zanu. Ngati mwayala masipika bwino, mwakonza mawaya, mwapeza malo a wufa, mwatsitsa besi kufika pakati, mwamanga malata omwe akugwedera, ndipo mukuonabe kuti chipinda chakula kuposa makina, pitani ku Limbe, ndikuperekezani ndi mtima woyera. Koma kugula musanasunthe kalikonse ndi uchitsiru, ndipo ndinena choncho ngakhale kwa mwamuna wa achemwali anga. Chomwe muli nachocho simunachimve n'komwe. Mukufuna kutaya chinthu chomwe simunachipatse mpata woti chilankhule.

Tinatulutsa sipika yapakati m'kabati, tinatembenuza tiwaya tija, wufa tinayichotsa pangodya, nsalu achemwali anakayala pa tebulo akung'ung'udza. Zolankhula zinayamba kumveka voliyumu ili pa theka la pomwe inali. Mukudziwa zomwe alamu ananena? Akuti "zikumveka bwino, koma aneba sadziwa kuti ndili ndi home theater."

Apo ndiye pali nkhani yonse. Anthu ambiri sagulira makutu awo, amagulira makutu a mudzi. Nyengo yotentha ino tonse timagona pakhonde kapena mawindo ali pululu, mpweya ulibe, udzudzu uli pantchito, wina ayenera kudzuka 4 koloko kupita kumunda wa nzimbe, wina ali ndi wodwala malungo m'nyumba, ndiye iwe 1 koloko usiku ukugunditsa duu duu duu. Mawu opyapyala khoma limawatchinga, koma besi imadutsa njerwa ngati palibe kanthu. Kwa mnzako sikufika nyimbo ayi, kumangofika kugunda kokhakokha. Pamudzi pagwa maliro, nyumba yachitatu kuchokera pasiwa wufa ikulira. Ulemu unapita kuti?

Ndipo inu a minibasi za Nsanje–Blantyre musaganize kuti ndakuyiwalani. Wufa mwayiika pansi pa mpando wakumbuyo, pomwe pakhala gogo ndi mwana wakhanda, inu kutsogolo simukuyimva bwino ndiye mukungokwezabe. Munthu akuwa kuti "nditsika pa Dyeratu!" mpaka kumenya denga, kondakitala osamva, mukamutsitsa pa mlatho wa Kamuzu n'kumamuuzanso kuti bwanji simunanene.